Malole akukana kulira m'mamawa ku Zingwangwa: kodi kabotolo ndi laputopu zitipulumutsa?

Aliyense wokhala ku Zingwangwa kuno amene amadzuka kusanache m'miyezi ya June ndi July akulidziwa phokoso limeneli. Sitata imazungulira kangapo, kenako zii. Pakapita kamphindi iyambanso, koma ulendo uno mofooka ngati munthu wodwala malungo. Kachitatu kumangomveka kuti "tche", basi. Ndiye mumva a dalaivala akugogoda pazitseko za anyamata oyandikana nawo kuti adzawakankheko.

Nkhaniyi imaoneka yoseketsa kwa odutsa m'njira, koma kwa mwini lole si zocheza ayi. Ma Canter, ma Dyna ndi ma Elf amene amagona m'mipanda yathu ndi m'mbali mwa misewu ndiwo amatuta mchenga, njerwa ndi miyala ya anthu omanga. Ndiwo amatenga amayi okapikula ndiwo zamasamba ku Bvumbwe, ndiwo amasamutsa alendi pakutha pa mwezi, ndipo pakagwa zovuta ndiwo amanyamula anamfedwa kupita kumanda. Lole ikakana kulira 5 koloko n'kudzalira 8, hayala yapita kwa wina, anyamata opakira agona ndi njala, ndipo bwana madzulo akufunabe ndalama yake ya tsikulo.

Pavuto pamabadwa malonda. Masiku ano mwini lole akadandaula za kuvuta kulira m'mawa amapatsidwa njira ziwiri zachidule. Yoyamba ndi kabotolo: mankhwala othira mu oyilo kapena mu thanki, amene adzaza m'mashopu a masipeya ku Limbe, ku Ndirande ngakhalenso pamsika wathu pompano. Yachiwiri ndi laputopu: mnyamata amabwera ndi kachingwe kake, n'kulumikiza pansi pa chiwongolero, n'kunena kuti "aitchuna" kompyuta ya injini. Funso ndi lakuti, kodi zimenezi zikuchiza matenda kapena zikungophimba chilonda ndi nsanza? Tiyeni tiione bwinobwino nkhaniyi.

Chimachitika n'chiyani mu injini yozizira?

Injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mu silinda mpaka mpweyawo utatentha kupitirira madigiri 500, ndiye dizilo akapoperedwa mmenemo amayaka yekha. Kuti zimenezi zitheke m'mawa pakufunika zinthu zinayi. Injini izungulire mwamphamvu. Mpweya usathawire m'maring'i kapena m'mavavu. Dizilo afike pa nthawi yake ali wopoperedwa bwino ngati nkhungu. Ndipo zitsulo zozizira zisabe kutentha konse, n'chifukwa chake pali mahita, aja amayatsa kanyali kokhala ngati sipuling'i pa dashibodi mukangotembenuza kiyi.

Injini ikakhala yotentha imakhululuka zambiri. Batire lotopa, hita imodzi yakufa, manozo odontha, zonsezi masana sizioneka. Kukazizira, chilichonse chimachepako pang'ono: batire mphamvu imatsika, oyilo amalimbako, zitsulo zimamwa kutentha kwa mpweya. Injini yabwino imakhala ndi mphamvu yotsala yokwanira kupirira zimenezo. Injini yotopa ilibe. Ndiye kuti chiperoni sichiwononga lole ya munthu, chimangoulula zimene zinawonongeka kale mu February koma mwini wake sanazione.

Komanso injini zimasiyana. Za Toyota zija za 3L ndi 5L, zimene zili m'ma Dyna ang'onoang'ono ndi m'maminibasi ambiri, zimadalira kwambiri mahita chifukwa dizilo amayamba kuyakira m'kachipinda kapadera m'mutu mwa injini. Mahita awiri akafa pa injini yotere, m'mawa mukankha basi. Pamene za 4D33 za Canter kapena 4HF1 za Elf zimapopera dizilo mwachindunji pamwamba pa pisitoni, ndipo zikakhala bwino zimalira msanga ngakhale kukuzizira. Yotereyi ikayamba kuvuta, dziwani kuti penapake pali chimene chatha ndithu.

Kuzizira kwa kuno si kwa ku Ulaya

Tisanamizane abale, chiperoni chimapweteka. Mphepo ija yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique ikabwera ndi nkhungu ndi mawawa n'kukuta phiri la Soche, ana amavuta kuwasambitsa. Koma tikayeza, usiku wa June ndi July mu Blantyre muno kawirikawiri kumazizira pakati pa madigiri 10 ndi 14. Kwa injini, kumeneku si kuzizira kwenikweni.

Timabotolo tambiri tolembedwa kuti n'tothandiza m'nyengo yozizira tinapangidwira mayiko ngati Canada, Russia ndi kumpoto kwa Japan. Kumeneko dizilo amachita phula kukazizira kufika pa ziro kapena kutsikirapo, phulalo n'kutseka fyuluta. Mankhwala a anti-gel ntchito yake ndi yoletsa phulalo. Ku Zingwangwa dizilo sachita phula. Munthu wogula kabotolo kotere kuti athire mu lole yongozungulira mu Blantyre wagula jekete la chipale chofewa kuti akavale ku Nsanje. Amene angakafuneko ndi madalaivala a mathiraki opita ku Johannesburg, kumene usiku wa July kumatha kufika pa ziro, koma ngakhale iwowo akathira dizilo wa komweko amakhala kuti athana nalo kale vutolo.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala othira mu oyilo, aja onanda ngati uchi. Wogulitsa amakuuzani kuti amatseka mipata ya maring'i, kompuresheni n'kubwerera. Zoona zake n'zakuti amalimbitsa oyilo, ndipo pa injini yotha utsi wa buluu umatha kuchepako kwa kanthawi, phokoso n'kutsikako. Koma taganizani za m'mawa. Vuto lanu ndi lakuti sitata ikulephera kuzunguza injini mwamphamvu, ndiye inu mwathiramo chinthu chopangitsa oyilo kukhala ngati phala. Sitata ivutika kuposa kale, ndipo injini ikalira oyilo wolimbayo achedwa kufika kumtunda ndi ku turbo, pa nthawi imene zitsulo zimadyana kwambiri.

Oyilo wa 15W-40 amene ambiri timagwiritsa ntchito ndi wokwanira kale pa nyengo yathu. Nambala ya 15W ija imatanthauza kuti anamuyesa kuti injini izitha kuzungulira ngakhale pa madigiri 20 pansi pa ziro. Opanga oyilo anaikamo kale mankhwala otsuka, oteteza zitsulo ndi oletsa thovu, pa muyeso wake. Chimene chimavutitsa malole athu ndi oyilo wokhalitsa amene wada bii n'kulimba ndi mwaye, oyilo wa SAE 40 amene ena amathira dala pofuna kubisa utsi, ndi oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa amene palibe akudziwa kuti wachokera mu diramu iti.

Kuti tisakondere, si timabotolo tonse tili topanda ntchito. Pali mankhwala okweza cetane, kutanthauza kufulumira kwa dizilo kuyaka, ndipo amathandizako pang'ono ngati dizilo ali wofooka. Pali ena otsuka ma injector amene amachotsako litsiro lochepa. Koma palibe kabotolo kamene kangadzutse hita yakufa, kubwezera maring'i odyeka kapena kutchaja batire.

Ndiye pali njira zathu zija za kumudzi. Ena amapopera Doom kapena mankhwala olizira injini kolowera mpweya, ena amaika kansanza konyowa ndi petulo. Injini imalira inde, koma ndi kugunda kuja kokhala ngati mwamenya chitsulo ndi hamala. Zinthu zimenezi zimaphulika pisitoni isanafike pamwamba, zimathyola maring'i, ndipo zikakumana ndi hita yofiira zimatha kuphulikira panjira ya mpweya munthu ali chiweramire pomwepo. Amakaniko amati injini yotere "yazolowera", siliranso popanda kuipopera. Sikuti yazolowera ayi, kompuresheni yake ndiyo ikunka nitha tsiku ndi tsiku. Za kuika mbaula pansi pa injini, pamene pali mapaipi a dizilo ndi oyilo wodontha, sitinenanso zambiri. Mipanda ya ku Zingwangwa mukuidziwa mmene inathithikanira.

N'chifukwa chiyani vutoli lakula zaka zimenezi?

Malole akale ankavutanso m'mawa, koma pali zinthu zitatu zimene zasintha.

Choyamba ndi ndalama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Batire, mahita, mafyuluta, oyilo, ma injector, zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zikusowa. Dizilo amene anafika pa K2,734 pa lita mu November 2023 anakwera kufika pa K3,500 mu October 2025. Mtengo wa hayala sungakwere mofanana, chifukwa wofuna mchenga naye thumba lake ndi lomwelo. Ndiye mwini lole amadula pati? Amadula pa sevisi. Oyilo amapitirira nthawi yake, fyuluta amaitsuka n'kuibwezera, pa mabatire awiri amagula limodzi lokha. Kabotolo kamaoneka kotchipa poyerekeza ndi mabatire awiri atsopano, ndipo munthu wapanikizika amagula chiyembekezo.

Chachiwiri ndi dizilo wa m'zigubu. Kuyambira 2022 takhala tikuona mizere ya mafuta ikubwera n'kupita. Mafuta athu amayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa mapampu amauma. Mwini lole amene ali ndi hayala mawa sangagone pamzere masiku awiri, amagula kwa mavenda. Bungwe la MERA lakhala likuletsa kugula ndi kugulitsa mafuta m'zigubu popanda chilolezo, koma tonse tikudziwa kumene amapezeka. Chigubu chimenecho dzulo munali chiyani? Madzi, mafuta ophikira, petulo? Nanga dizilo wakeyo sanamuwonjezere palafini? Palafini amachepetsa kuterera kwa dizilo, pamene pampu ndi ma injector zimadalira dizilo yemweyo kuti zisadyane. Madzi amachititsa dzimbiri mkati. Ndipo pa nthawi yosowa mafuta malole amayenda thanki ili pansi penipeni, n'kumakoka zinyalala ndi mpweya. Lole imene yayamba kuvuta m'mawa chaka chino mwina ikulipira ngongole ya zigubu za chaka chatha.

Chachitatu ndi mtundu wa malole amene akubwera. Ku Japan malamulo a utsi anakhwima kuyambira 2003, pamene mzinda wa Tokyo ndi zigawo zoyandikana nawo zinaletsa malole a dizilo otulutsa mwaye wambiri. Opanga magalimoto anasamukira ku common rail, njira imene kompyuta imalamulira ma injector ndipo dizilo amapanikizidwa kupitirira ma bar 1,500. Anaikanso fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi, imene ambiri amaitcha DPF, a Isuzu amati DPD, a Hino amati DPR. Malole amenewo, monga Elf ya 4JJ1 ndi Canter ya 4P10, ndi amene tsopano akutsika ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ndi injini zamphamvu komanso zosamwa mafuta ambiri, koma sizikhululuka litsiro ngakhale pang'ono. Makaniko amene anakulira pa 4D33, womva vuto ndi khutu, akafika pa izi sipanala yokha siikwanira. Apa ndi pamene wa laputopu amalowera.

Laputopu: pali kuyeza, pali kutchuna

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kulumikiza makina kuti muwerenge zimene kompyuta ya injini ikuona ndi chinthu chabwino kwambiri, ndipo pa lole ya common rail ndi poyambira pabwino. Kusintha pulogalamu ya mkati mwa kompyutayo ndi nkhani ina.

Kompyuta ya injini imadziwa kale kuliza injini yozizira. Akatswiri amene anaipanga anaiyesa m'malo ozizira kuposa Dedza kutalitali. Mukatembenuza kiyi imafunsa sensa ya madzi kuti injini yazizira bwanji, ndiye imasankha nthawi yoyatsira mahita, kuchuluka kwa dizilo ndi nthawi yomupopera. Imadikiranso kuti sensa ya kulankishafuti ionetse kuti injini ikuzungulira mokwanira, komanso kuti mphamvu ya dizilo mu paipi ikwere kufika pa mlingo wake, apo ayi siitsegula ma injector n'komwe. Ndiye ngati lole inkalira bwino ikubwera kumene koma lero ikuvuta, pulogalamu sinasinthe. Pulogalamu siidyeka ngati tayala. Chimene chasintha ndi chitsulo, waya kapena sensa.

Chitsanzo chodziwika ndi sensa ya madzi ikayamba kunama. Kunja kuli madigiri 12 koma iyo ikuuza kompyuta kuti injini ili pa 60. Kompyuta ikhulupirira, siiyatsa mahita mokwanira, ipereka dizilo wochepa. Munthu wodziwa ntchito akalumikiza makina m'mawa injini isanalire amaona bodzalo nthawi yomweyo, n'kusintha kasensa kamodzi. Wosadziwa, kapena wofuna ndalama zambiri, amati kompyuta ikufunika kutchuna.

Chitsanzo china ndi ma injector otha, amene amabwezera dizilo wambiri ku thanki. Sitata ikamazunguza pang'onopang'ono, pampu imalephera kukweza mphamvu chifukwa dizilo akuthawa. Wotchuna angathe kuwonjezera dizilo wa poliza kapena kusintha malire amene kompyuta imadikira, ndipo lole ilira bwino milungu ingapo. Koma ma injector aja akupitiriza kutha. Injector yodontha imatsuka oyilo m'makoma a silinda, imathira dizilo mu oyilo, ndipo ikafika poipa imabowola pisitoni. Mwapulumutsa ndalama ya injector imodzi, mwagula ovaholo.

Palinso funso lakuti mafayilo amene akuikidwawo akuchokera kuti. Kutchuna kwenikweni kumafuna makina oyezera mphamvu ya injini ndi munthu woidziwa injiniyo. Zambiri zimene zimachitika pansi pa mtengo ndi kukopera fayilo ya pa intaneti, yopangidwira galimoto ya dziko lina, ndi zipangizo zongotengera za eni ake. Batire likafooka pakati pa ntchitoyo kapena fayilo ikakhala yolakwika, kompyuta imafa osadzukanso. Ina muitanitse ku Japan, ku Dubai kapena ku Durban, ndi ndalama zakunja zomwe zija, lole ili pa mwala mwezi wathunthu. Ndipo dziwani ichi: malole ambiri akale a 4D33 ndi 4HF1 ali ndi pampu ya makina chabe, mulibe pulogalamu yoti munthu atchune. Wina akakuuzani kuti aitchuna ndi laputopu lole yotere, gwirani thumba lanu.

Kutchuna kumene kwafala kwambiri ndi kochotsa DPF ndi EGR. Apa eni malole ali ndi dandaulo lomveka. Fyuluta ya mwaye imafuna ulendo wautali kuti itenthe n'kudziyeretsa, pamene lole ya kuno imangoyenda Zingwangwa, Kudya, Limbe, kuima, kuyenda, kuima. Imafunanso oyilo wa phulusa lochepa, wa muyeso wa DH-2 wa ku Japan, amene ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Dizilo wathu ndi wa salufa 50 ppm pamene wa ku Japan ndi wa 10 ppm. Fyuluta ikatsekeka lole imafooka, nyali n'kumayaka, ndipo yatsopano mtengo wake ndi woopsa. Ndiye anthu amaibowola n'kuuza kompyuta kuti iiwale. Tikumvetsa. Koma tinene zoona: kuchotsa DPF sikuchiza kuvuta kulira m'mawa, pokhapokha ngati inatsekeka kotheratu. Ambiri amalipira ndalama ya ntchito imeneyi, June wotsatira n'kupezeka akukankhabe.

Si nkhani ya eni malole okha

Wina anganene kuti lole ndi yake, ndalama ndi zake, ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza pawiri.

Koyamba ndi utsi. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo. M'mayiko ena kuseweretsa pulogalamu ya utsi ndi mlandu waukulu. Kampani ya Volkswagen inagwidwa mu 2015, ndipo mu December 2023 kampani ya Cummins inavomera kulipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni ku America pa nkhani yofanana. Kuno lole yochotsedwa fyuluta, yowonjezeredwa dizilo, imaima pakati pa nyumba n'kumapondedwa moto mphindi khumi kuti "itenthe". Nthawi ya chiperoni mphepo ikadekha, utsiwo sukwera, umangoyandama pansi. Amene amaupuma ndi amayi okazinga mandasi m'mbali mwa msewu, ana opita kusukulu, ndi agogo a chifuwa cha mphumu m'nyumba yoyandikana.

Kachiwiri ndi mtsetse. Zingwangwa ndi malo okwera ndi otsika, ndipo dalaivala aliyense wa lole yovuta amadziwa kuimika galimoto itayang'ana kumunsi madzulo kuti m'mawa angoimasula. Koma mabuleki a malole ang'onoang'onowa amathandizidwa ndi pampu imene imayenda injini ikamalira. Injini ili chete, mukaponda kawiri katatu buleki imauma gwa, chiwongolero nacho chimalemera. Pa malole akuluakulu a mabuleki a mpweya, matanki amakhala atatsika usiku wonse. Tangoganizani lole ya matani atatu ikutsetsereka 6 koloko m'mawa, nkhungu ili tolo, injini yakana kugwira, kutsogolo kuli ana ovala yunifolomu ndi akabaza. Ngozi imeneyi timaiyang'ana tsiku ndi tsiku n'kumaseka. Tisadikire kuti tidzayambe kuikamba pa maliro.

Poyambira ndi pati?

Safunsa anadya phula. Musanagule kabotolo kapena kuitana wa laputopu, yambani ndi zotchipa, ndipo lole iyezedwe m'mawa isanalire, osati masana itatentha.

Mverani sitata. Ngati ikuzungulira mofooka, nkhani ili pa magetsi. Batire la 12 volts lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo poliza lisatsike kupitirira cha m'ma 9.6. Malole ambiri ndi a 24 volts, mabatire awiri. Mukaphatikiza latsopano ndi lakale, lakalelo limakoka linzake. Ena amalumikiza wailesi kapena tchaja ya foni ku batire limodzi lokha, limenelo limatha msanga. Komanso chifukwa cha akuba, madalaivala ambiri kuno amachotsa mabatire usiku uliwonse, ndiye mateminolo amakhala okhwepa, ongokhomeredwa ndi mwala. Tsukani mateminolo, mangani bwino, onani waya wa earth wopita ku tchesisi ndi ku injini, ndipo muyezetse ngati olitaneta ikutchaja.

Kenako yang'anani ku ekizozi wina akuliza. Utsi woyera wonunkha dizilo ukutanthauza kuti mafuta akufika koma sakuyaka: yezani mahita imodziimodzi, relay yake ndi fyuzi, ndipo zikakhala bwino yezetsani kompuresheni ndi manozo. Ngati palibe utsi uliwonse, dizilo sakufika. Popani kapampu ka pamanja kaja musanalize. Lole ikalira msanga mutapopa, ndiye kuti usiku mpweya ukulowa penapake ndipo dizilo akubwerera ku thanki. Kawirikawiri ndi kapaipi kong'aluka kapena rabala ya fyuluta, zinthu za ndalama yochepa. Tsegulani kansi kwa fyuluta muchotse madzi, makamaka ngati munathirapo za m'zigubu.

Pa lole ya common rail, uzani wa makina akuonetseni ndi maso anu zinthu zitatu: kutentha kumene sensa ya madzi ikunena, liwiro la injini poliza, ndi mphamvu ya dizilo mu paipi. Apime dizilo wobwerera kuchokera ku injector iliyonse, ntchito yongofuna timabotolo ndi timapaipi. Ngati mwasintha ma injector, manambala ake alowetsedwe mu kompyuta. Imeneyo ndi ntchito yoyenera ya laputopu. Ndipo ngati mwaumirira ndithu kuti atchune, muuzeni ayambe wasunga pulogalamu yoyambirira, akupatseni pa fulashi yanu. Akakana, mwadziwa kale kuti ndi munthu wotani.

Pomaliza, musazunguze sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15. Ipumitseni, dikirani kanyali ka mahita kazime, yesaninso. Sitata zambiri zimapsa mu July.

Akuluakulu nawo achitepo kanthu

Eni malole sangathe okha. A Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woona katundu wolowa m'dziko, ndipo oyilo ndi mankhwala a injini amene ali m'mashelefu akufunika kuwayendera pafupipafupi. A MERA asamangolengeza zoletsa zigubu, aziyezanso dizilo amene akugulitsidwa n'kumatiuza zimene apeza. A CFTC amalandira madandaulo a ogula, ndipo munthu amene wagulitsidwa chinthu ndi malonjezo abodza ali ndi ufulu wokadandaula. A Road Traffic popereka COF aziuyang'ana utsi mozama ngati mmene amayang'anira matayala ndi nyali.

Koma chachikulu ndi maphunziro. Amakaniko athu ndi anthu aluso, asunga malole a zaka 30 pamsewu ndi manja awo. Chimene chikusowa ndi mwayi wophunzira magetsi a galimoto ndi common rail popanda kusiya ntchito chaka chonse. TEVETA, Soche Technical College ndi MUBAS zonse zili pafupi nafe. Maphunziro afupiafupi a Loweruka, m'Chichewa, okhala ndi injini yeniyeni patsogolo, angapulumutse ndalama zambiri zakunja zimene zikuthera pa makompyuta ophedwa ndi ma injector ogulidwa mongoganizira. Eni malole a pa siteji imodzi angathenso kusonkherana n'kugula makina amodzi oyezera batire ndi kompuresheni, m'malo moti aliyense azigula kabotolo kake mwezi ndi mwezi.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chiperoni chimabwera chaka chilichonse pa nthawi yomweyo, sichidzidzimutsa munthu. Mwini lole amene angayezetse mabatire, mahita ndi mafyuluta mu April kapena May adzakhala akupakira mchenga anzake akugogoda pazitseko kufuna owakankha. Ndipo inu a neba, mawa m'mawa akadzakupemphani kuti mukankheko lole pamtsetse, thandizani ndithu, koma muyambe mwatuma mwana wamkulu akaime kumunsi aziletsa anthu kudutsa. Ikalira, muwafunse a dalaivala kuti mahita anawayezetsa liti.